Mafunso ndi mayankho: msuzi wa ng'ombe ndi ma noodles, kadzutsa wa mumzinda wa Lanzhou

Kodi chakudya chimenechi n'chiyani kwenikweni, nanga Lanzhou ali kuti?

Lanzhou ndi likulu la chigawo cha Gansu, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la China. Mzindawu ndi wautali koma wopapatiza, chifukwa unamangidwa m'chigwa cha mtsinje wa Huang He ndipo mapiri anaupana uku ndi uku. Muli anthu oposa 4 miliyoni. Kuyambira kale amalonda a m'njira yopita ku Central Asia ankadutsa pomwepa, n'chifukwa chake mumzindamu muli Asilamu ambiri a mitundu ya Hui ndi Dongxiang.

Chakudyacho ndi bakuli la msuzi wa ng'ombe wotentha, woyera moti mpaka kuona za mkati, momwe amaikamo ma noodles a ufa wa tirigu okokedwa ndi manja nthawi yomweyo, tizidutswa ta radishi yoyera, mafuta a tsabola, masamba a adyo ndi a coriander, ndi tinthuli ta nyama. Eni mzinda amangoti niuroumian, kutanthauza ma noodles a nyama ya ng'ombe, kapena mwachidule niuda. Malo ogulitsa chakudyachi mumzindamu ndi oposa 1,000.

N'chifukwa chiyani chakudya cholemera chonchi amachidya m'mawa?

Chifukwa chachikulu chili mumphika. Msuzi amauphika dzulo lake kapena usiku, n'kuukonza komaliza mbandakucha, ndiye umakoma kwambiri m'maola oyambirira. Tsiku likamapita, mphika wogawira umangokhala pamoto, madzi amaphwa, mchere umachuluka, ndipo akathiramo madzi kapena msuzi wina kuti ukwane anthu, kukoma koyamba kuja sikubwereranso. Anthu anazolowera kutsata msuzi, msuziwo ndi umene unasankha nthawi.

Nyengo nayo imathandizira. Lanzhou ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja, mphepo yake ndi youma, ndipo mu January usiku kumazizira mpaka madzi kuundana. Komanso dziko lonse la China limayendera nthawi ya ku Beijing, pomwe Lanzhou ali kutali kumadzulo, choncho m'nyengo yozizira dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko. Munthu wopita kuntchito kudakali mdima, kunja kukuzizira chotero, safuna tiyi ndi kabanzi. Amafuna chinthu chotentha, chamchere, chokhalitsa m'mimba, chimene angadye kwa mphindi 10 n'kumapita.

Malo amenewa amatsegula nthawi yanji, ndipo ndi bwino kufika liti?

Ambiri amatsegula cha m'ma 6 koloko m'mawa. Akale odziwika bwino amatseka cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, ndipo msuzi ukatha msanga amatsekanso msanga. Masiku ano aliponso ena otsegula usana ndi usiku, makamaka pafupi ndi masiteshoni, koma okonda chakudyachi sawawerengera kwenikweni.

Msuzi wa mphika woyamba uli ndi dzina lake, touguo tang, ndipo pali achikulire amene amalawirira chifukwa cha iwo basi. Madzi ophikira ma noodles nawonso amakhala oyera nthawi imeneyo, ufa usanawadetse. Pakati pa 7 koloko ndi hafu pasiti 8 ndi pamene pamakhala chinamtindi cha anthu. Mukafika 6 koloko itangodutsa mupeza msuzi wabwino ndi mpando. Mukafika 1 koloko masana mudya ndithu n'kukhuta, koma musaweruze malowo ndi bakuli limenelo.

Ndikalowa ndichite chiyani? Kodi pali woperekera zakudya?

Palibe. Mumayamba mwalipira pa kauntala ya pakhomo, n'kunena mabakuli angati ndiponso zowonjezera zimene mukufuna. Anthu ambiri amalipira pafoni kudzera pa WeChat Pay kapena Alipay. Akupatsani kapepala. Nyama, dzira ndi timbale ta ndiwo zozizira mumatengera pamalo akeake, kenako n'kukaima pamzere wa pawindo la kukhitchini.

Pawindopo mumapereka kapepala kaja n'kutchula makulidwe a ma noodles amene mukufuna. Wolandira mapepala amafuulira wokoka, wokoka amaponya mumphika, wina amavuula, wothira msuzi n'kumaliza. Zonsezi zimatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Wothira msuziyo ndi amene mumamuuza za tsabola ndi masamba: "lazi duo" ndiye kuti tsabola wambiri, "lazi shao" wochepa, "suanmiao duo" masamba a adyo ambiri. Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu amasunga m'mutu zofuna za anthu a pamzere wonse popanda kulemba. Koma salola wozengereza. Ganizani mudakali kumbuyo, chifukwa mukafika pawindo n'kuyamba kukanda m'mutu, adzakusankhirani yekha.

Bakuli mumanyamula nokha, timitengo todyera mumatenganso nokha. Kukhala tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa si nkhani, ndipo mipando ikatha ena amadyera panja chonjuta kapena choimirira.

Mayina a makulidwe aja amatanthauza chiyani? Ndisankhe ati?

Pali obulungira ndi aphwatalala. Mwa obulungira, owonda kwambiri ndi maoxi, onga ulusi. Kenako pamabwera xi, sanxi ndi erxi. Apa alendo ambiri amasokonezeka: san ndi 3, er ndi 2, koma sanxi ndi wowonda kuposa erxi. Erxi ndiye wonenepa, wamphamvu pomutafuna, ndipo amuna ambiri a mumzindamu amaitanitsa ameneyu.

Mwa aphwatalala, jiuye ndi wopyapyala ngati tsamba la anyezi wamasamba, kuan ndi wotambalala ngati chala kapena kuposerapo, ndipo dakuan ndi wotambalala ngati lamba, moti bakuli lonse limadzadza ndi nsambo zowerengeka. Palinso qiaomaileng, wa ngodya zitatu, amene si malo onse angamupange.

Wowonda amamwa msuzi msanga, choncho amakoma poyamba koma amafewa mukachedwa naye. Wonenepa amapirira, koma msuzi sumulowerera. Amene akudya koyamba ayambe ndi xi kapena sanxi. Maoxi ndi wabwino kwa ana ndi okalamba, komanso kwa aliyense wodya mofulumira.

Bakuli labwino ndingalizindikire bwanji?

Eni ake ali ndi mawu owerengera zinthu zisanu: yi qing, er bai, san hong, si lü, wu huang. Choyamba msuzi woyera, chachiwiri radishi ya mbee, chachitatu mafuta a tsabola ofiira psu, chachinayi masamba obiriwira, chachisanu ma noodles achikasu. Muone kuti msuzi ndiye uli patsogolo, ma noodles kumapeto. Mlendo amachita chidwi ndi wokoka ufa n'kumamujambula, pomwe mwini mzinda amayamba wapatula mafuta ofiira aja pambali, n'kupsontha msuzi pamlomo pa bakuli. Akagwedeza mutu ndiye kuti malowo apambana.

Msuzi wabwino umamveka ng'ombe poyamba, zokometsera pambuyo, ndipo palibe chokometsera chimodzi chimene chimaposa zinzake. Ukasiya ludzu lalikulu pakhosi, ndiye kuti achulutsa mchere ndi zokometsera za m'paketi pofuna kubisa kuchepa kwa mafupa. Radishi iyenera kukhala yofewa, yosawawa. Tsabola wake ndi wonunkhira kuposa kuwawa, choncho musaope kufiirako.

Bwanji nyama imakhala yochepa chonchi m'chakudya chotchedwa cha nyama?

Ili ndi dandaulo la pafupifupi mlendo aliyense. Bakuli wamba limabwera ndi tinthuli tochepa basi, chifukwa ntchito ya nyama inathera mu msuzi, ndiponso chifukwa mtengo uyenera kukhala woti aliyense akwanitse tsiku ndi tsiku. Wofuna nyama amagula payokha, yodulidwa mopyapyala, yozizira, ndipo amayeza pa liang, muyezo wa magalamu 50. Mumaiviika mu msuzi kuti itenthe.

Mukawonjezera nyama ndi dzira lowiritsa zonse ziwiri, kumeneko amati rou dan shuang fei, ngati kunena kuti nyama ndi dzira zaulukira pamodzi. Ndiwo kadzutsa wa tsiku lolandira malipiro. Timbale ta pambali timakhala ta kabichi wowawasa, mbatatesi yodulidwa ngati timizere, radishi kapena karoti.

Msuzi amauphika bwanji kuti ukhale woyera chotero?

Ntchito imayamba ndi madzi ozizira. Nyama ndi mafupa a miyendo, oswedwa kuti mafuta a mkati atuluke, amazinyika kwa maola angapo mpaka magazi atatuluka. Madzi ofiirirawo sataya. Nyama ndi mafupa amaziika mumphika wa madzi ozizira atsopano, n'kukoleza moto, ndipo zikamayandikira kuwira amayengula thovu lonse mosatopa. Akatero amachepetsa moto kuti mphika uzingonyenya, osabwata. Kubwata ndiye mdani wamkulu: kumaswa mafuta n'kuwasakaniza ndi madzi, msuzi n'kusanduka wambuu, ndipo ukatero subwereranso.

Zokometsera amazimanga m'kansalu. Zodziwika ndi jinja wouma, huajiao (timbewu tochititsa dzanzi lilime), caoguo (mtundu wa cardamom), khungwa la sinamoni, fennel ndi ma clove ochepa. Muyezo wake ndi chinsinsi cha banja lililonse, ndipo malo ena mwini wake amasakaniza yekha kunyumba n'kubweretsa zopera kale. Ophika ena amaikamo nkhuku yathunthu kapena chiwindi cha ng'ombe kuti msuzi ukhale ndi thupi. Malo otchuka amakonda nyama ya yak, ng'ombe yaubweya ya kumapiri a Gannan ndi Qinghai.

Nyama ikapsa amaivuula kuti izizire, mafupa n'kupitirira. Pomaliza ndi pamene madzi a magazi aja amagwira ntchito. Akawathira mu msuzi wotentha, magaziwo amaundana n'kukola tizinyalala tonse toyandama, n'kukwera nato pamwamba ngati thovu. Akayengula thovulo, msuzi umatsala woyera. Umenewu ndi wokhathamira, ndipo m'mawa amausungunula ndi madzi, n'kuthira mchere ndi zokometsera zopera.

Penghui n'chiyani? Ndinamva kuti amathira phulusa mu ufa.

N'zoona, ndipo kwa amene anadyapo therere lophikira chidulo palibe chachilendo. Penghui wachikale amachokera ku chitsamba cha m'malo ouma a ku Gansu chotchedwa pengcao. Amachiwotcha m'dzenje, phulusa lake n'kuuma ngati mwala. Mwalawo amauswa, kuuwiritsa m'madzi, n'kusefa. Mphamvu yake yaikulu ndi potassium carbonate, yomwenso imapezeka m'chidulo. Ndi imene imapatsa ma noodles mtundu wachikasu, kafungo kake, ndi kulimba pomatafuna.

Masiku ano malo ambiri amagwiritsa ntchito penghui wa m'paketi wopangidwa kufakitale, chifukwa mphamvu yake sisinthasintha ndiponso ndi woyera kuposa wa m'dzenje. Mwa zosakaniza zake mumakhala zina zofewetsa ufa wokanda kuti utamuke msanga. Amathira pang'ono kwambiri. Akachulutsa, ma noodles amanunkha sopo, amawawa, ndipo ufa umalobodoka n'kumaduka wokha.

Zimatheka bwanji kuti ufa ukokedwe mpaka kuwonda ngati ulusi osaduka?

Chinsinsi chili pa kukanda, osati pa kukoka. Ophika ali ndi mawu akuti madzi katatu, phulusa katatu, kukanda ka 81. Sikuti amawerengadi, koma akutanthauza kuti madzi ndi penghui amathira pang'onopang'ono, ndipo kukandako ndi kwa thukuta. Ufa ndi wa tirigu wamphamvu, wothira mchere pang'ono. Akaukanda amaupumitsa, kenako amaumenya patebulo, kuutambasula, kuupinda ndi kuupota mobwerezabwereza mpaka ulusi wa mkati mwake utaloza mbali imodzi. Akafika apo amaudula m'mitanda yofanana, mtanda umodzi bakuli limodzi, n'kuipaka mafuta kuti isaume.

Wokoka amagubuduza mtanda mu ufa wouma, kugwira nsonga ziwiri, kutambasula manja, kupinda pakati, n'kukolowekanso chala. Akapinda kamodzi nsambo zimawirikiza: 2, 4, 8, 16, mpaka 128 akapinda ka 7. Kusiyana kwa erxi ndi maoxi ndi kupinda kamodzi kapena kawiri kokha. Aphwatalala amayamba aphwatitsa mtandawo ndi chikhatho asanakoke. Kachidutswa kotsalira m'dzanja amakadula n'kukabwezera ku ufa wina. Owonda amapsa mphindi imodzi isanakwane, otambalala amatengako mphindi ziwiri.

Anayambitsa chakudyachi ndani?

Dzina limene anthu ambiri amavomereza ndi la Ma Baozi, Msilamu wa mtundu wa Hui, amene mu 1915 anayamba kugulitsa ma noodles a msuzi wa ng'ombe m'misewu ya Lanzhou atasenza pamtengo wa paphewa, kenako n'kutsegula malo ake. Iye ndi amene amatamandidwa chifukwa cha msuzi woyera. Pali nkhani inanso yonena kuti kaphikidweka kanachokera kuchigawo cha Henan m'nthawi ya mafumu a Qing kudzera mwa Chen Weijing ndi wophunzira wake Ma Liuqi, koma anthu a ku Lanzhou ambiri amaitsutsa.

Ma noodles enieniwo ndi akale kwambiri m'derali. Pamalo ofukula zakale a Lajia, m'mbali mwa Huang He m'chigawo cha Qinghai, anapeza bakuli lovundikirika lokhala ndi ma noodles a zaka pafupifupi 4,000. Mu 2021 boma la China linaika luso lophika niuroumian wa ku Lanzhou pamndandanda wa chikhalidwe chotetezedwa cha dziko lonse. Mwa malo akale amene alipobe, odziwika kwambiri ndi Mazilu, amene anatsegulanso nthambi ku Tokyo mu 2017.

Kodi chakudyachi ndi halaal?

Malo ochuluka ndi a Asilamu, ndipo pakhomo pamakhala mawu akuti qingzhen, amene ndi halaal m'Chitchaina. M'malo otero musalowe ndi mowa, nyama ya nkhumba, kapena chakudya chogula kwina. Aliponso malo a anthu osakhala Asilamu, choncho amene amasamala za zimenezi ayang'ane chikwangwani kapena afunse. Osadya nyama adziwe kuti kuchotsa tinthuli sikuthandiza, popeza msuzi wonse ndi wa ng'ombe.

Nanga malo olembedwa kuti Lanzhou lamian amene ali m'mizinda ina ya ku China ndi kunja, ndi omwewa?

Kawirikawiri ayi. Ku Lanzhou kwenikweko simudzaona kawirikawiri mawu akuti lamian, kutanthauza ma noodles okoka ndi manja, pachikwangwani, ndipo mukawatchula adziwiratu kuti ndinu mlendo. Ambiri mwa malo a Lanzhou lamian m'mizinda ngati Shanghai ndi Guangzhou ndi a mabanja ochokera ku Hualong, boma la m'chigawo choyandikana cha Qinghai, amene anayamba kupita kumizinda ya kugombe cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kutenga dzina lodziwika kale.

Kusiyana kwake kumaoneka pa ndandanda ya zakudya. Malo a anthu a ku Hualong amagulitsa zambiri, mpunga, zokazinga ndi zina, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Malo a ku Lanzhou amagulitsa chinthu chimodzi, ndipo mphamvu zonse zimathera pa mphika umodzi. Ma noodles a ku Hualong akhoza kukokedwa mwaluso ndithu. Pamene pamaperewera nthawi zambiri ndi pa msuzi.

Mtengo wake ndi wotani?

Bakuli wamba ndi la ma yuan (ndalama ya ku China) osafika 10 m'malo ambiri a mumzindamu, ndipo nyama yowonjezera ikhoza kudula kuposa bakulilo. Mtengowu anthu amaulondera ngati mmene ena amalondera mtengo wa buledi kapena wa chimanga. Mu 2007, ogulitsa atakweza kuchoka pa 2.5 yuan kufika pa 3 yuan, akuluakulu oona za mitengo mumzindamu analamula kuti malo wamba asapitirire 2.5 yuan pa bakuli lalikulu. Nkhaniyi inautsa mtsutso m'dziko lonse, ena akuti boma lisalowerere pa bakuli la ma noodles, ena akuti kadzutsa wa anthu osauka ayenera kutetezedwa.

Pali kadyedwe kake? Nanga ndingathe kunyamula kukadyera kunyumba?

Idyani msanga, ndilo lamulo lokhalo. Lawani msuzi kaye, kenako sakanizani. Patebulo pamakhala viniga wakuda. Ena amathira kuti achepetse kafungo ka penghui, ena amati amaononga msuzi. Njira yapakati ndi kuthira mutadya theka. Kupsontha mokweza si mwano. Mukatha nyamukani, ena akudikira mpando.

Kunyamula n'kotheka, koma pakatha mphindi 10 ma noodles amakhala atamwa msuzi n'kufufuma. Ngati palibe kuchitira mwina, sankhani erxi kapena kuan, ndipo pemphani kuti msuzi auike padera.

Ndingaphike kunyumba? Chimalakwika n'chiyani kawirikawiri?

Msuzi ndi wotheka ndithu. Kwa anthu 6, tengani kilogalamu imodzi ya nyama ya pamwendo kapena pachifuwa, mafupa okwana kilogalamu ndi theka, ndi malita 5 a madzi. Nyikani kwa maola atatu pamalo ozizira, kenako tsatirani zimene tafotokoza pa funso la msuzi woyera. Nyama ivuuleni pakatha maola awiri ndi theka, mafupa apitirire mpaka maola 4 kapena 5. Zokometsera zikhale zochepa, ndipo kansalu kaja kachotseni pakatha ola limodzi ndi theka, apo ayi msuzi umada n'kumamveka ngati mankhwala. Mchere thirani kumapeto. Nyama muidule itazizira, chifukwa yotentha imanyenyeka.

Radishi muidule mopyapyala, muifutse payokha m'madzi, muitsukuluze m'madzi ozizira, kenako muiike mu msuzi. Mukaiponya yaiwisi, fungo lake limalanda mphika wonse.

Pa mafuta a tsabola, tenthetsani kapu imodzi ya mafuta pamodzi ndi anyezi ndi jinja, vuulani zimenezi zikafiira, ndipo dikirani mphindi zingapo kuti mafuta atsike ukali. Thirani pa theka la kapu ya tsabola wopera wosawawa kwambiri wosakaniza ndi chitowe, katatu, mukutakasa. Mafuta otentha kwambiri amapsereza tsabola n'kumudetsa, ozizira kwambiri satulutsa fungo. Mukawagoneka usiku umodzi amafiira bwino.

Chovuta ndi ma noodles. Yambani ndi magalamu 500 a fulawa, mamililita 270 a madzi ndi magalamu 5 a mchere. Anthu ambiri amaganiza kuti soda angalowe m'malo mwa penghui wa m'paketi, koma soda payekha amalimbitsa ufa, ndiye umabwerera ngati mphira n'kuduka. Popanda penghui, dalirani nthawi: kandani mpaka usalale, upumitseni mphindi 30, kandaninso, dulani timitanda tonga chala, pakani mafuta, vundikirani, n'kusiya maola awiri kapena atatu. Kenako phwatitsani kamtanda kalikonse n'kukakoka kamodzikamodzi kuti mupeze aphwatalala. Ukamabwerera pokoka ndiye kuti sunapume mokwanira. Ukamamata ndiye kuti madzi achuluka. Nsambo zikamagwirana ndiye kuti ufa wouma wachepa patebulo. Ndipo ma noodles muwaphike mumphika wawo wa madzi ambiri, osati mu msuzi.

Kupatula niuroumian, anthu a ku Lanzhou amadyanso chiyani?

M'mawa ena amadya mabanzi ophika ndi nthunzi, mitanda yokazinga ya youtiao ndi mkaka wa soya, ngati kwina kulikonse ku China. Zapaderadera za mumzindamu zimabwera dzuwa likapendeka. M'chilimwe kuli niangpi, timizere tozizira ta ufa tothira viniga, adyo ndi tsabola, komanso jiangshui mian wa msuzi wowawasa wa masamba. Kuli tianpeizi, wa oats wowiritsa n'kusasitsa pang'ono, wotsekemera ngati thobwa, ndi huidouzi, phala la nsawawa zouma zophikidwa ndi zipatso zofiira za jujube ndi penghui yemwe uja. Usiku anthu amakhamukira kumsika wa mumsewu wa Zhengning kukamwa mkaka wotentha wophikidwa ndi dzira ndi mpunga wosasa, ndi kukadya nyama ya nkhosa yowotcha. Nthawi imeneyo malo akale a niuroumian amakhala atatseka kalekale, ndipo kukhitchini kwawo mafupa a mawa ali kale pamoto.